Munthu wa non-binary ataima pa uphungu kuno kunyanja, chingamugwetse choyamba n'chiyani?

Mwera_wa_Chipoka:
Akuluakulu, ndili ndi funso, koma chonde tiyankhane ndi mfundo, kutukwana ayi. Ku America kuli womenyera ufulu wina dzina lake Maebe A. Girl. Iyeyu amati ndi non-binary, kutanthauza kuti sadziwerengera kumbali ya amuna yokha kapena ya akazi yokha. Wapikisanapo katatu pa mpando wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonselo. Sindikufunsa ngati mumazikonda zimenezi kapena ayi. Ndikufunsa kuti munthu wotere atadzuka kuno ku Salima kapena ku Nkhotakota n'kunena kuti 2030 ndikuima pa uphungu, chingamugwetse choyamba n'chiyani? Lamulo, fomu ya MEC, kapena anthu?

Kabaza_KamuzuRoad:
Anthu. Bweretsani funso lina.

NyaliYaKoloboyi:
Tisanafike kwa anthu, tiyambe taona mmene mwiniwakeyo anayendera, chifukwa ambiri angomva dzina. Maebe sanayambire pamwamba. Mu 2019 anasankhidwa mu khonsolo ya dera la Silver Lake mumzinda wa Los Angeles. Ndi kakhonsolo kolangiza chabe, kopanda malipiro, kofananako ndi ma ADC athuwa. Anthu ankamudziwa kale ngati wazisudzo wa drag, aja ovala mokokomeza pa siteji. Mu 2020 anaima pa mpando wa ku Congress n'kuthera pa nambala 3 pa chisankho choyamba. Tsono ku California chisankho choyamba chimayenda mosiyana ndi mapulaimale athu. Onse amaikidwa pa pepala limodzi posatengera chipani, ndipo awiri apamwamba ndi amene amakakumana mu Novembala. Mu 2022 anakhala wachiwiri, n'kukakumana ndi Adam Schiff, phungu amene anali pampandowo, onse awiri a chipani cha Democrat. Anapeza mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse. Mu 2024 Schiff anausiya mpandowo kupita kukapikisana ku Senate, anthu anauthamangira ambiri, ndipo Maebe sanalowe m'gulu la awiri aja. Mpando anatenga Laura Friedman.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti anachita bwino kwambiri chaka chimene onse osakhutira ndi phungu wokhalapo analibe kwina koponya voti. Mpando utakhala wopanda mwini, mavoti omwewo anamwazikana. Ndipo kumeneko ndi dera lomwe nkhani zoterezi sizidabwitsa aliyense.

Usipa_Wouma:
Ndiye kuti kwawo komweko analephera katatu. Nanga ku Thavite?

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Kumbali ya lamulo yankho ndi lalifupi: palibe chomuletsa. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limafuna zinthu izi kwa ofuna uphungu: akhale nzika ya Malawi, akhale atakwanitsa zaka 21, azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'nyumbamo, ndipo akhale wolembetsa m'kaundula wa ovota. Mawu oti mwamuna kapena mkazi mulibemo. Wofuna upulezidenti, gawo 80 limakweza zaka kufika 35, koma nalonso silifunsa zimenezo. Gawo 40 limapatsa munthu aliyense ufulu wochita ndale ndi kupikisana, gawo 20 limaletsa tsankho.

Msampha uli mu gawo 51 lomwelo, ndime yachiwiri, pamene pali zoletsa. Wogwira ntchito m'boma, msilikali kapena wapolisi ayenera kutula kaye pansi. Wogamulidwa kuti walephera kubweza ngongole saima. Ndipo aliyense amene khothi linamupeza wolakwa m'zaka 7 zapitazo pa mlandu wachinyengo kapena wa khalidwe lonyansa saimanso. Mawu otsirizawa ndi otambasuka. Munthu atamangidwa n'kupezeka wolakwa pa gawo 153 kapena 156 la malamulo a milandu, opikisana naye angathamangire kukanena kuti umenewo ndi mlandu wa khalidwe. Kumangidwa kokha sikuchotsa munthu pa pepala, chimafunika chigamulo. Koma mlandu woyenda pakati pa kampeni umadya ndalama ndi masiku.

Mtsinje_wa_Bua:
Basi mwanena nokha a Loya. Mathanyula ndi mlandu. Nkhani yatha.

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Ayi achimwene, mwasakaniza zinthu zitatu. Gawo 153 limalanga mchitidwe wogonana, zaka mpaka 14. Gawo 156 ndi la amuna, 137A la akazi, zaka mpaka 5. Onsewa amakamba za chimene munthu wachita, ndipo pamafunika umboni. Palibe gawo lonena kuti kudzitchula non-binary ndi mlandu. Non-binary ndi mmene munthu amadzionera, za amene amagona naye ndi nkhani ina. Chachitatu ndi cha ana obadwa ndi ziwalo zosaonetsa bwino ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, zomwe azamba amazidziwa kuyambira kale. Ku Kenya kalembera wa 2019 anawerenga anthu oterewa 1,524. Zitatuzi ndi zosiyana, ngakhale pamsonkhano wandale adzaziphika mumphika umodzi.

Mtsinje_wa_Bua:
Pamsonkhanopo ndi pamene pali mavoti, osati m'buku lanulo.

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Pamenepo sindikutsutsani.

Kalaliki_Wopuma:
Inu mukuthamangira ku khothi, koma munthuyu angapunthwe pa banki, asanaone n'komwe woyendetsa chisankho. Tiyeni tiyende ndi mapepala.

Poyamba chiphaso cha unzika cha NRB. Popanda chimenechi sulembetsa m'kaundula, ndipo pachiphasopo pali M kapena F, palibe chilembo chachitatu. Dzina munthu angathe kulisintha mwalamulo, koma lamulo lopereka njira yosinthira chilembo chimenechi kuno kulibe. Lamulo la maukwati la 2015 linachita kunena poyera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira.

Kenako ndalama yolipira kuti uime. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, mwamuna ofuna uphungu ankalipira K2.5 miliyoni, mkazi K1.25 miliyoni. Apa ndiye pali mbuna. Ndalama imatsatira chilembo cha pachiphaso. Ngati pali M koma walipira ya akazi, risiti yako ndi yoperewera, mapepala angakanidwe, ndipo wina angakunamizire kuti unafuna kubera. Ngati pali F, lipira ya F, ngakhale mumtima usakondwe nazo. Achinyamata ndi aulumali nawonso anali ndi mtengo wotsikirapo, ndiye amene ali wachinyamata akhoza kudutsira khomo limenelo.

Dzina la pafomu lifanane ndi la pachiphaso, la m'kaundula ndi la pa satifiketi ya MSCE ngati ndi imene ukupereka ngati umboni wa Chingerezi. Maebe A. Girl ndi dzina la pa siteji. Kuno ngati mudzi wonse umakudziwa ndi dzina lina, uyenera kuwaphunzitsa chithunzi ndi chizindikiro chako, chifukwa ambiri amachonga poona nkhope ndi chizindikiro.

Pomaliza anthu osainira. Amafunika osachepera khumi, olembetsa m'dera lomwelo. Anthu amagwa pa zinthu zazing'ono: nambala yolembetsera yalakwika, wosainira ndi wa dera loyandikana nalo. Kumbukirani kuti malire anasintha, madera anachoka pa 193 kufika 229, ndiye mudzi umene unali mbali iyi mu 2019 ukhoza kukhala mbali inayo. Kwa munthu amene tikukambayu pali vuto lina lapadera. Osainirawo mayina awo adziwika, ndipo madzulo ake akakumana ndi amfumu, abusa kapena ashehe. Sankha anthu olimba mtima, uwafotokozere zonse asanagwire cholembera, ndipo pita nawo mapepala tsiku lisanathe kuti ngati pali cholakwika ukonze.

Namasupuni:
Ndiye munthu alembe M pomwe iye akukana kuti si M? Sikudzigulitsa kumeneko?

Kalaliki_Wopuma:
Fomu si malo olalikirapo achemwali. Ukafuna kusintha fomu umapita ku khothi zaka ziwiri chisankho chisanafike, osati sabata yopereka mapepala. Ku Botswana mu 2017 khothi lalikulu linalamula boma kusintha chilembo pa chiphaso cha munthu wina. Anadutsa njira imeneyo, ndipo inatenga zaka.

Mlaliki_wa_ku_Benga:
Ine ndinena mosabisa kuti voti yanga sangaipeze. Chikhulupiriro changa chimati Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo ashehe a ku Linga adzakuuzani chimodzimodzi. Musaiwale kuti mu Julayi 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi m'misewu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, zomwe sizichitika kawirikawiri. Ndiye amene akuwerengera mavoti kuno awerengere ndi zimenezo. Koma kumukana ndi voti ndi ufulu wanga, pomwe kumugenda ndi tchimo komanso mlandu. Achinyamata athu amasokoneza ziwirizi, ndipo ife olalikira nthawi zina timawasonkhezera moto kenako n'kumadabwa nyumba ikapsa.

Dwangwa_Nzimbe:
Abusa mwanena zoona. Koma tisanamizane, ife tavotera anthu okwatira bwinobwino, opemphera kutsogolo, koma msewu wa M5 uli chomwecho. Kuchoka ku Dwangwa kufika ku boma matayala amalira.

Usipa_Wouma:
Osanenanso za milatho mvula ikagwa. Madzi a 2024 aja ku Dwangwa anthu anagona m'sukulu masabata angati?

Gogo_wa_Lifuwu:
Ndi mpunga womwe. Mavenda amabwera ndi ndowa zophwanyidwa pansi kuti zilowe zambiri. Phungu amene angakhazikitse sikelo yoona pa msika ine ndingamuvotere kaya avale thalauza kaya chitenje.

Kabaza_KamuzuRoad:
Agogo mukunama, tsiku lovota mudzatsatira amene wakupatsani shuga.

Gogo_wa_Lifuwu:
Shuga ndimalandira mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma m'kachipinda kovotera ndimalowa ndekha.

Mwera_wa_Chipoka:
Tabwererani ku funso akuluakulu, za M5 zili ndi tsiku lake.

MwiniMbumba:
Funso lanu yankho lake lili pamaliro, a Mwera. Kuno uphungu umapezeka pasiwa. Amene akufuna mpando amayenda maliro zaka ziwiri zitatu, kupereka chipepeso, kuthandiza bokosi, kubwereketsa galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala. Tsono taganizani mmene pamaliro pamakhalira. Amayi ali m'nyumba ya siwa ndi pakhonde, pamphasa, mipango kumutu, akuimba. Abambo ali panja pansi pa mtengo, pamipando ndi pamabenchi, pafupi ndi mafumu. Adzukulu ali kumanda. Pakati pa magulu awiriwa pali bwalo lopanda munthu, pongodutsa ana ndi onyamula nsima. Munthu akangotsika galimoto, maso onse amaona kumene mapazi ake alowere. Palibe mphasa yachitatu. Pamaliro a Chisilamu mzerewo ndi wakuthwa kuposa apa, chifukwa amayi sapita kumanda, jeneza amanyamula amuna.

Ndiye woyendetsa kampeni ayenera kukonza zimenezi galimoto isananyamuke. Atumize munthu kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu kukanena kuti akubwera, chipepeso chidutse mwa mkulu wodziwika wa m'mudzimo, ndipo agwirizane pokhala. Njira imodzi yomwe ilipo kale ndi mipando ya alendo olemekezeka. Phungu wamkazi amakhala pampando pafupi ndi mafumu ndipo palibe amadabwa, chifukwa udindo umaphimba zina zonse. Koma mpando umenewo amakupatsa eni mudzi, sudzitengera wekha. Akakumana nawo, wagwa pamaso pa anthu mazana atatu nthawi imodzi.

Namasupuni:
Ndipo mkulu wa mwambo akamaitana adzati chiyani? Bambo uje kapena mayi uje?

Mphunzitsi_wa_Chichewa:
Apa chilankhulo chathu chimamuthandiza kuposa Chingerezi. Azungu akulimbana ndi timawu tawo tosiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ife timangoti iye, iwo, awa, ndipo mneni sasintha. "Abwera, alankhula, atithandiza." Simungadziwe kuti ndi ndani. Ulemu wa "a" kutsogolo kwa dzina ndi wa aliyense. Olemekezeka, akuluakulu, atsogoleri, phungu, khansala, onsewa ndi mawu osasankha. Pamene pamavuta ndi pa bambo ndi mayi, achimwene ndi achemwali, komanso pa mfunda: a Phiri kapena Naphiri, a Banda kapena Nabanda. Ndiye pa positala ndi pa wailesi angagwiritse dzina ndi "a" basi, ndipo oimba nyimbo za kampeni auzidwe mawu oti aziimba. Vuto ndi lakuti amayi ovina pamsonkhano amapeka nyimbo pompopompo, ndipo nyimbo zathu zandale zimatamanda munthu ngati tate kapena ngati mayi wa fuko.

Mtsinje_wa_Bua:
A adani ake ndiye adzapeka yawo, ndipo idzagwira msanga kuposa yakeyo.

WakuLinga:
Idzagwiradi. N'chifukwa chake nkhani ya chitetezo isabwere pomaliza. Dziko lino lili ndi mbiri yake. Mu Disembala 2009 Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre, mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14, ndipo Bingu wa Mutharika anawakhululukira pa 29 Meyi pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, anabwera kudzacheza. Mu 2012 boma la Joyce Banda linati liimitsa kaye kumanga anthu pa milandu imeneyi, koma malamulowo sanafufutidwe. Pa 28 Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu linati magawo aja akhalebe, ofuna kusintha apite ku nyumba ya malamulo. Ndiye woima ayenera kukhala ndi loya wokonzeka asanalengeze, osati atamangidwa.

Za misonkhano, chidziwitso chipite kwa DC polemba, kope kwa mkulu wa polisi, ndipo musunge kope lodindidwa. Malo amodzi akafunidwa ndi awiri, amatsogola amene anayamba kudziwitsa. Nthawi ya kampeni yovomerezeka ndi masiku 60 ndipo imatha kutatsala maola 48 kuti anthu avote. Kwa munthu wotere, msonkhano waukulu pabwalo la mpira ndi kudziputira. Mwala umodzi wochokera kumbuyo wathetsa zonse, ndipo kanema wake ndi amene ayende pa WhatsApp. Bola timagulu ta anthu makumi awiri: banki m'khonde, makomiti a m'madoko a asodzi, makalabu a alimi a mpunga ndi nzimbe, anyamata a kabaza. Masana, potuluka pakhale pawiri, galimoto iyang'ane kumsewu. Zotukwana ndi zoopseza za pafoni muzijambula n'kusunga pamodzi ndi nambala ndi tsiku, chifukwa lamulo la 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu motero. Madandaulo a pakati pa opikisana amayambira ku komiti ya zipani ya paboma.

Kabaza_KamuzuRoad:
Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ngati akuopa miyala akhale kunyumba.

WakuLinga:
Miyala imagenda ndi omuperekeza omwe achimwene, kuphatikizapo wa kabaza amene wamunyamula.

Chiwerengero_Phiri:
Funso lomwe palibe wafunsa: aima pa chipani kapena payekha? Pa chipani chachikulu sangadutse mapulaimale. Amene amavota kumeneko ndi nthumwi za m'makomiti, anthu ochepa osavuta kuwagula kapena kuwaopseza, ndipo likulu la chipani silingalole kuti opikisana nalo apeze chokuwa m'dziko lonse chifukwa cha dera limodzi. Ndiye watsala payekha. Zimenezo si zachilendo, mu 2019 oima paokha anatenga mipando 55 mwa 193. Ndiponso za 50+1 zija ndi za pulezidenti yekha. Phungu amapambana ndi kuposa anzake basi. Pakakhala opikisana khumi, munthu angathe kulowa ndi mavoti osakwana 30 pa 100. Onani kusiyana kwake ndi ku California: kumeneko kuchuluka kwa opikisana kunamugwetsa Maebe, kuno kuchuluka kwawo ndi mwayi wokhawo umene alipo.

Ndalama yaikulu sipita ku mapositala, imapita kwa mamonita. Tiyerekeze dera lili ndi malo ovotera 60. Awiri pamalo alionse ndi anthu 120, kuwonjezapo a ku malo owonkhetsera. Aliyense afuna chakudya, mayendedwe, mayunitsi, tochi ndi kangachepe. Akhale odziwa kuwerenga, akhalepo kuyambira potsegula mabokosi m'mawa mpaka posainira zotsatira usiku, ndipo achoke ndi kope m'manja. Wopanda monita amangomva zotsatira pa wailesi, ndipo kukhothi alibe chonyamula. Tsono mupeze anthu 120 m'midzi yawo yomwe ovomera kuvala baji ya munthu ameneyu tsiku lonse pamaso pa apongozi awo. Kwa ine chomugwetsa choyamba ndi chimenechi.

Dwangwa_Nzimbe:
Mabungwe akunja amupatsa ndalama, si ndi zawo zomwe.

Chiwerengero_Phiri:
Imeneyo ndi ndalama yakupha. Ikangomveka, nkhani yonse isanduka yoti watumidwa ndi azungu. Ndipo kugawa ndalama kwa ovota n'koletsedwa ndi lamulo la zipani la 2018. Ena amagawa osaopa, koma amene ali ndi adani ambiri ndi amene amayamba kunenezedwa.

NyaliYaKoloboyi:
Pali anthu awiri ena oyenera kuwaona. Mauree Turner anapambana mu 2020 mpando wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Oklahoma, woyamba wa non-binary kufika pamenepo ku America, ndiponso ndi Msilamu. Mu 2023 anzake m'nyumbamo anamudzudzula mwalamulo n'kumuchotsa m'makomiti, ndipo mu 2024 sanaimenso. Kulowa ndi nkhondo ina, kukhalamo ndi inanso. Wachiwiri ndi Georgina Beyer wa ku New Zealand. Iyeyu sanali non-binary, anabadwa mwamuna n'kukhala moyo wake ngati mkazi, koma njira yake ndi yomwe ingatiphunzitse. Anayamba ndi ukhansala m'katauni ka alimi ka Carterton, mu 1995 anakhala meya, mu 1999 anapambana uphungu m'dera lakumudzi lomwe anthu ankati silingamuvotere. Pofika nthawi imeneyo nkhani ya thupi lake inali itatopetsa, anthu ankakamba za ntchito zake.

Ndiye wofunadi zimenezi kuno ayambire ku VDC, ku komiti ya sukulu kapena ya chipatala, kenako wodi. Adziwike ndi mjigo, ndi mpanda wa njovu kwa okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota ndi Thuma, ndi mitengo ya nzimbe.

Namasupuni:
Komatu akabisa chimene ali n'kumangokamba za mijigo, ndiye kuti womenyera ufulu uja wafera panjira. Waimiranji?

NyaliYaKoloboyi:
Sindinati abise. Anene kamodzi, momveka, iye mwini asanamunenere ena, kenako abwerere ku mijigo. Ena amaima akudziwa kuti sapambana, cholinga chili choti funso lifunsidwe pa mtsutso wa pa wailesi. Kampeni yotero ndi ina, bajeti yake ndi ina, ndipo mamonita 120 aja safunika. Koma asankhe chimodzi, asanamize omutsatira.

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Ndiwonjezepo za akapambana, poti a Nyali atsegula. Ku India, Kamla Jaan, wa gulu la hijra (anthu amene kumeneko amaonedwa ngati gulu lachitatu, osati amuna kapena akazi), anasankhidwa kukhala meya wa Katni, koma mu 2002 khothi linamuchotsa ponena kuti mpandowo unasungidwira akazi ndipo iye si mkazi. Kuno mipando yosungira akazi ku nyumba ya malamulo kulibe, ndiye khomo limenelo ndi lotseka. Lotsegula ndi la mapepala. Wogonja amayang'ana fomu mzere ndi mzere: risiti, dzina, osainira, chilembo. N'chifukwa chake zimene ananena a Kalaliki si zazing'ono. Tsiku limene angadzakhazikitse mipando ya amayi okha, funso la Katni lidzafika kuno.

Mlaliki_wa_ku_Benga:
Ine voti yanga ili pomwe ija. Koma akabwera pamaliro a mpingo wanga, mpando ndimupatsa, chifukwa mlendo wa pamaliro sabwezedwa.

Mtsinje_wa_Bua:
Mbali iti abusa?

Mlaliki_wa_ku_Benga:
Pafupi ndi ine, kuti anyamata anu aja asayerekeze.

Kalaliki_Wopuma:
A Mwera, mwafunsa atadzuka n'kunena kuti 2030. Ngati alipodi, auzeni ayambe waona tsiku lothera chiphaso chawo ndi dera limene analembetsa. Mitengo ya 2025 ija musaidalire, MEC imalengeza yatsopano chisankho chilichonse.

Gogo_wa_Lifuwu:
Nanga za sikelo ya mpunga zija, ndani akuyankha?